Funsani Malume: Moyo wa makolo athu kusanabwere nsima, machesi ndi khasu

Abale anga owerenga, mwezi wathawu ndinangotchulako mzere umodzi wokha kuti ku Karonga kunapezeka fupa la munthu wakalekale, koma mamesegi amene agwa pa WhatsApp ndi makalata ofika ku ofesi, eee, sindinaonepo. Ndiye mwezi uno tisiye kaye za mabanja ndi ngongole zija, tikambe za anthu amene anaponda dziko lino ife tisanalotedwe n'komwe. Mafunso ena ndawafupikitsa, mundikhululukire.

Malume, ine ndili Fomu 3. Aphunzitsi athu a hisitole anati munthu woyamba anapezeka ku Karonga. Zoona zimenezi? Nanga zaka zake anaziwerenga bwanji poti nthawi imeneyo kunalibe kalendala? Mtsikana wa ku Kasungu

Mwanangu, aphunzitsi ako sananame koma tiwongoleko pang'ono. Chimene chinapezeka si munthu wathunthu ayi, ndi nsagwada yam'munsi yokha ndi mano ake, ndipo inatoledwa mu 1991 pamalo otchedwa Uraha kum'mwera kwa tauni ya Karonga, ndi gulu lomwe ankatsogolera Friedemann Schrenk wa ku Germany ndi Timothy Bromage wa ku America, akugwira ntchito ndi anthu akomweko omwe maso awo anazolowera kusiyanitsa fupa ndi mwala. Anaipatsa nambala yoti UR 501. Mwini nsagwadayo anali wa mtundu womwe asayansi amautcha Homo rudolfensis ndipo anakhala ndi moyo zaka pafupifupi 2.4 miliyoni zapitazo. Kunena kuti "woyamba" ndiye ayi, chifukwa ku Ethiopia kunadzapezeka nsagwada ina ya zaka 2.8 miliyoni, komabe yathuyi ili m'gulu la mafupa akale zedi a mtundu wa anthu padziko lonse, usamachite nazo manyazi pozinena.

Za zakazo nde zosangalatsa, amene anathandiza ndi nguluwe. Eya, nguluwe. M'dothi lomwelo momwe munali nsagwada munalinso mano a nguluwe ndi njiri zakale, ndipo mano a nyama zimenezi ankasintha pang'onopang'ono mibadwo ikamapita, dzino lakumapeto limanka litalika chifukwa cha kudya udzu wolimba. Tsono ku Kenya ndi ku Ethiopia mano a nguluwe zomwezo amapezeka atatsekeredwa pakati pa phulusa la mapiri ophulika moto, ndipo phulusa limenelo mu labu amatha kuliyeza zaka zake bwinobwino. Ndiye ukapeza dzino lofanana ku Karonga umadziwa kuti dothi ili ndi la nthawi yakuti. Njira ija mumaphunzira ya carbon-14 imagwira pa zinthu zosapitirira zaka 50,000, pamenepa singathandize.

Chinanso chomwe ine chimandigwira mtima, mu 1996 pa Malema konko ku Karonga anapeza chidutswa cha nsagwada ya mtundu winanso, Paranthropus boisei, wa zibwano zikuluzikulu ndi mano akumbuyo aakulu ngati mphero. Kutanthauza kuti m'mbali mwa nyanja yathuyi munkayenda mitundu iwiri ya anthu pa nthawi yoyandikana, wina wodalira mano kutafuna zolimba, wina wodalira kwambiri manja ndi mwala. Wa mano uja anatha osasiya mbewu. Ukapeza mpata kapemphe sukulu ikonze ulendo wopita ku Cultural and Museum Centre Karonga, inatsegulidwa mu 2004, ukadzionere wekha.

Malume, ine zikundivuta kumvetsa. Opanda chimanga, opanda chinangwa, opanda munda, anthuwa ankadya chani? Ana ankawalera bwanji popanda phala? Mayi wa ana anayi, Ndirande

Mayi, funso lanuli ndi lomwe ndalikonda kuposa onse, chifukwa ife tikati chakudya timati nsima, ndipo munthu akadya mpunga ndi nkhuku amanenabe kuti lero sindinadye. Koma chimanga ndi mlendo wa dzulodzuloli. Kwawo ndi ku Mexico, ndipo kuno ku Africa chinabwera ndi masitima a Apwitikizi chitadutsa chaka cha 1500. Chinangwa, mbatata, mtedza, tomato, zonsezi n'za ku America. Nkhuku ndi ya ku Asia. Zathu zenizeni za ku Africa ndi mapira, mawere, mchewere, khobwe ndi nzama, komanso izozo kulima kwake n'kwa posachedwa. Ulimi padziko lonse unayamba zaka pafupifupi 12,000 zapitazo cha ku Middle East, pomwe anthu ofanana ndi inu ndi ine, Homo sapiens, akhalapo zaka 300,000, mafupa awo akale kwambiri anapezeka ku Jebel Irhoud ku Morocco. Muwerengere nokha, nthawi yaitali ya moyo wa munthu padziko inadutsa popanda khasu.

Ndiye ankadya chani? Mayi takumbukani muli mwana kumudzi, nyengo ya masuku, nthudza, matowo, maye, bwemba, malambe, masau, mvula yoyamba ikagwa ngumbi ndi mafulufute, kenako bowa, mphalabungu, ziwala, bwanoni, dzinja likatha mbewa, m'dambo chinaka, chaka cha njala agogo kukakumba mipama n'kuiviika kaye kuti ululu uchoke. Zimene ife timazitenga ngati zotolatola za ana kapena zopulumukira njala, kwa iwowo inali nkhokwe yeniyeni, ndipo kuti udye chaka chonse mwa njira imeneyi umafunika kudziwa mtengo uliwonse, mwezi umene umabereka, muzu uti wakupha uti wodyedwa, madzi amatsala pati mu Okutobala. Nzeru zimenezo si zamasewera. Ndichifukwa chake ine sindigwirizana ndi zithunzi zija za m'makatuni zoonetsa munthu wakale ngati chitsiru chonyamula chibonga. Atatitenga ife tonse n'kukatisiya m'nkhalango ya Nkhotakota opanda foni, opanda mpeni, opanda machesi, ndi ochepa angaone mwezi wachiwiri, pomwe iwo ankaberekeramo ana n'kuwakulitsa.

Umboni ulipo. Ku Border Cave, kumalire a South Africa ndi Eswatini, anapeza mizu yootcha ya zaka 170,000 ili m'phulusa, kusonyeza kuti wina anakumba kutchire, n'kunyamula kubwera nayo kunyumba kudzaotchera anzake, apo ayi akanangodyera komweko. Ku Pinnacle Point kugombe la South Africa anali kudya nkhono za m'nyanja zaka 164,000 zapitazo. Ndipo pafupi pompa, tsidya la nyanja yathu ku Niassa ku Mozambique, m'phanga la Ngalue, wasayansi Julio Mercader anapeza tizidutswa ta ufa wa mapira akutchire titamatirira pa zida za miyala za zaka pafupifupi 100,000. Ndiye mwina phala la mwana mukulinenalo silinali kutali monga tikuganizira.

Nyama nayo inalipo koma osati tsiku ndi tsiku. Poyambirira penipeni anthu ankalimbirana ndi afisi ndi miimba zotsala za mkango, n'kumaswa mafupa ndi mwala kuti adye mafuta am'katimo, ndipo mafupa ake alipo mpaka lero okhala ndi zipsera za mpeni wa mwala. Miyala yosema yakale kwambiri ndi ya ku Lomekwi ku Kenya, zaka 3.3 miliyoni. Musaderere mwala Mayi, mukaumenya bwino kachidutswa kamene kamagamphukako kamathwa ngati lezala, kamasenda chikopa cha njati. Pambuyo pake kunabwera mikondo, kenako uta ndi mivi. Uchi nawo, eee, a Hadza a ku Tanzania omwe mpaka pano ena mwa iwo amakhalira kusaka ndi kutola, amaukonda kuposa chakudya china chilichonse, ndipo amatsatira mbalame ija ya nsadzu kuti iwalondolere pomwe pali njuchi, chimodzimodzi Ayao ofula njuchi ku Niassa.

Za ana, bere linali lotalika, zaka ziwiri zitatu mpaka zinayi ngati momwe zilili kwa anthu osaka ndi kutola omwe aphunziridwa masiku ano, ndipo mwana sankaleredwa ndi mayi ake okha. Agogo aakazi a Chihadza ndi akatswiri okumba mizu, mayi akakhala ndi khanda amene amadyetsa ana osiya bere aja ndi agogo. Inu a ana anayi mukudziwa bwino kuti popanda dzanja lina zimakhala bwanji.

Malume, ku miziyamu ya ku Karonga kuli chinyama chachikulu chija cha Malawisaurus. Anthu akalewo ankachisaka? Mnyamata wa ku Chitipa

Ayi mphwanga, sanakumanepo olo tsiku limodzi. Madayinaso akuluakulu anatha zaka 66 miliyoni zapitazo, Malawisaurus ndiye wakale kuposa pamenepo, zaka zoposa 100 miliyoni. Kungoti mafupa awo onse anasungika m'boma limodzi ndiye akhalira nyumba imodzi. Za m'mafilimu zija munthu akuthamangitsidwa ndi dayinaso ndi zopeka.

Amalume, machesi kunalibe, laita kunalibe. Moto ankautenga kuti? Ine ndinayesapo kupeka ndi timitengo manja anatupa utsi osatuluka. Dalaivala wa minibasi, Mchesi

Achimwene, manja anatupa chifukwa kupeka moto kuli ndi malamulo ake, pansi pamafunika mtengo wofewa wouma gwa, wopekera ukhale wolimbirako ndi wowongoka, pambali pa kabowo mumacheka kampata kuti fumbi lotentha lija lizigwera pamodzi pa ndowe zouma kapena udzu wofewa, ndipo nthawi zambiri amapeka anthu awiri molandizana kuti kutentha kusazizire. Akuluakulu ena kumidzi amathabe, kawafunseni asanapite nazo.

Koma kupeka kunabwera mochedwa. Poyamba moto unkatoledwa, mphezi ikamenya tchire n'kuyaka munthu amatengako chikuni n'kumachisunga ngati mwana, kusamuka nacho, kuonetsetsa kuti chisazime. Ife a zaka zathu tikukumbuka kutumidwa kukapala moto kwa aneba ndi phale m'mawa, ndi khalidwe lomwelo. Umboni wodalirika wakale kwambiri uli ku Wonderwerk Cave ku South Africa, phulusa ndi mafupa opserera mkatikati mwa phanga momwe moto wolusa sungafike, zaka pafupifupi 1 miliyoni. Ku Gesher Benot Ya'aqov ku Israel anapeza zizindikiro zoti anthu ankaphika nsomba zaka 780,000 zapitazo.

Moto unasintha chilichonse. Chakudya chophika chimafewa, thupi limatengamo mphamvu zambiri osatha tsiku lonse ukutafuna, mizu yaululu ina imadyeka, fisi ndi kambuku amaopa kuyandikira, ndipo usiku womwe kale unali wongobisala unasanduka nthawi yokhala pansi n'kumacheza. Ine ndimakhulupirira kuti nthano zinabadwira pamenepo, padangotero woyamba ananenedwa nkhope zikuwala ndi malawi.

Ndipo imvani ya kwathu kuno. Mu 2005 asayansi anaboola pansi pa nyanja ya Malawi n'kutulutsa matope osanjikizana a zaka zankhaninkhani. Matopewo anaonetsa kuti pakati pa zaka 135,000 ndi 75,000 zapitazo kunagwa zilala zoopsa moti madzi anatsika mamita oposa 500, nyanja yonseyi inatsala kachithaphwi poyerekeza ndi lero. Mvula itabwerera nyanja inadzadzanso, koma nkhalango zowirira za ku Karonga sizinabwerere ngati momwe zinkachitira kale chilala chikatha, m'malo mwake m'matope muja makala anachuluka, ndipo nthawi yomweyo kumtunda zida za miyala zinali mbwee. Jessica Thompson wa ku yunivesite ya Yale ndi anzake analemba mu 2021 kuti anthu ndi amene ankatentha tchire, zaka pafupifupi 85,000 zapitazo, kuti msipu uphuke nyama zibwere pafupi. Lupsa lomwe timaliona chaka ndi chaka lija ndi lakale choncho. Sindikuti tizitentha tchire chisawawa ayi, iwo anali ochepa dziko lili lalikulu, ife tachuluka mitengo yatha.

Nthano ya Achewa ya pa Kaphirintiwa ku Dzalanyama nayo inaona mfundo yomweyi. Imati poyamba Chauta, anthu ndi nyama ankakhalira limodzi mwamtendere, mpaka tsiku lomwe munthu anapeka timitengo tiwiri moto n'kubuka, tchire linayaka, galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, njovu ndi mikango zinathawa zili ndi mkwiyo, ndipo Chauta anakwera kumwamba pa ulusi wa kangaude. Makolo athu analibe labu koma anadziwa kuti pomwe munthu anasiyanirana ndi nyama ndi pa moto.

Ba Malume, ine ndine wa ku Chipata koma nikhala ku Lusaka. Ku sukulu tinaphunzira za Broken Hill Man. Anthu aba anali kugona chabe mumapanga monga nyama? Wowerenga wa ku Zambia

Zikomo achimwene a tsidya la Mchinji. Chigaza mukunenacho chinafukulidwa mu 1921 mu mgodi wa ku Kabwe, tauni yomwe kale inkatchedwa Broken Hill, ndipo kuyeza kwa mu 2020 kunaonetsa kuti chili ndi zaka pafupifupi 300,000. Mano ake ambiri ndi obowoka, munthu ameneyu dzino linamuwawa ndithu. Chili ku Natural History Museum ku London mpaka lero ngakhale dziko lanu lakhala likupempha kwa zaka zambiri kuti chibwerere, ndipo ine ndili mbali yanu, chibwerere kwawo ana a ku Kabwe azichiona osafuna viza.

Za mapangazo, timapeza zinthu zambiri m'mapanga chifukwa m'phanga mvula ndi chiswe sizifika msanga, pomwe msasa wa udzu pabwalo umatha chaka chimodzi osasiya chizindikiro. Ndiye si kuti onse ankakhala m'mapanga, ambiri ankamanga misasa pafupi ndi madzi n'kumasamuka motsata nyengo, timagulu ta mabanja ochepa, anthu makumi awiri atatu. Ndipo yankho lalikulu lili kwanu komweko. Pa mathithi a Kalambo, kumalire a Zambia ndi Tanzania kufupi ndi Mbala, gulu la Larry Barham linapeza mitengo iwiri yopingasana, wina atausema mpata kuti ukhale bwino pa unzake ngati momwe kalipentala amachitira, ndipo lipoti la mu 2023 linati ili ndi zaka 476,000. Inasungika chifukwa inali m'matope onyowa momwe mpweya sulowa. Taganizani, Homo sapiens asanabadwe, wina anadula mtengo ndi nkhwangwa ya mwala, n'kuuyeza ndi maso, n'kuulumikiza ndi unzake kuti apange pokhala kapena popondapo pouma. Nyama sichita zimenezo.

Ngakhale ogona m'phangawo sankangodzigwetsa pansi. Ku Border Cave kuja anapeza zogonera za udzu za zaka 200,000 zoyalidwa pamwamba pa phulusa, ndipo phulusa limatchinga tizilombo toyenda pansi ngati nthata ndi utitiri, amayi akumudzi amathira phulusa m'khola la nkhuku pa chifukwa chomwecho. Ku Sibudu kufupi ndi Durban, zaka 77,000 zapitazo ankayala mlulu n'kuikapo masamba onunkhira a mtengo wina othamangitsa udzudzu, zikakalamba n'kuzitentha n'kuyala zatsopano. Ukhondo umenewo. Analinso okonda kutchena, ku Blombos Cave kuli mikanda ya tizigoba ta nkhono toboola ya zaka pafupifupi 75,000 ndi miyala yofiira yojambulidwa mizere yopingasana.

Bambo, ine ndine mkulu wa mpingo. Nkhani zanuzi zikutanthauza kuti tinachokera kwa anyani? Zikundivutitsa mumtima, ndipo achinyamata akundifunsa. Bambo wa ku Mulanje

Bambo, ndakumvani ndipo funso lanu ndikulilemekeza. Ndinene kaye chomwe asayansi amanena chenicheni, chifukwa ambiri amachipotoza. Sanena kuti nyani wakuba chimanga m'munda mwanu uja ndi gogo wanu, sanenanso kuti chimpanzi tsiku lina adzasanduka munthu. Amati ife ndi chimpanzi tinali ndi kholo limodzi zaka 6 kapena 7 miliyoni zapitazo, kenako mibadwo inapatukana, ngati mitsinje iwiri yochokera phiri limodzi. Umboni wawo ndi mafupa, DNA yomwe ndi chibadwa cha m'thupi chomwe timatengera kwa makolo, komanso mapazi. Ku Laetoli ku Tanzania gulu la Mary Leakey linafukula mu 1978 mapazi odindika m'phulusa la zaka 3.6 miliyoni, oyenda ndi miyendo iwiri chilili, chidendene ndi chala chachikulu zili ngati zathu, pomwe eni akewo ubongo wawo unali waung'ono. Mafupa otchuka aja a wamkazi yemwe asayansi anamutcha Lucy, omwe anapezeka ku Hadar ku Ethiopia mu 1974, ndi a mtundu womwewo.

Zimenezi ine ndimazitenga kuti ndi zoona, sindingakubisireni. Koma fupa limangotiuza kuti thupi linayenda njira yanji, silingayankhe kuti munthu alipo chifukwa chiyani, kapena ndani mwini moyo. Alipo okhulupirira ambiri, ansembe ndi mashehe ndi asayansi opemphera, amene amagwira zonse ziwiri mtima uli m'malo, aliponso ena amene sagwirizana nazo. Chomwe ndingakupempheni Bambo ndi choti achinyamatawo musawaletse kufunsa, ndipo musawauze kuti mafupawo ndi abodza, chifukwa tsiku lina adzapita ku Karonga n'kuwaona, kenako adzayamba kukayika ndi zina zonse zabwino zomwe munawaphunzitsa. Khalani nawo pansi muwerengere limodzi.

Malume, ndikulembera agogo anga a zaka 80 zakubadwa. Akuti ndikufunseni za Akafula, amati agogo awo ankawauza kuti anali anthu aafupi okhala m'mapiri. Analikodi? Anapita kuti? Mdzukulu wa ku Linthipe, Dedza

Uwauze Agogo kuti ndawagwadira, ndipo zomwe anamva kwa agogo awo ndi mbiri yeniyeni. Akafula, ena amati Abatwa, ena Amwandionerapati chifukwa cha nkhani ija yoti ukakumana naye amafunsa kuti mwandionera pati, ukayankha kuti pompano amakwiya koma ukati ndakuonerani kutali uko amakondwa. Amenewa ndi anthu osaka ndi kutola omwe alimi olankhula zinenero za Chibantu anawapeza kuno pomwe ankafika ndi makasu, miphika ndi ng'anjo zosungunulira chitsulo zaka zosakwana 2,000 zapitazo. Mbiya zakale za alimi oyambawo zimatchedwa za Nkope, potengera malo a ku Mangochi komwe zinapezeka.

Agogo akukhala pakati penipeni pa umboni. Mapiri a Chongoni ali ndi malo 127 a zojambula pamiyala ndipo UNESCO inawaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Mukapita pa Chencherere, Mphunzi kapena Namzeze muona mitundu iwiri, zofiira za mizere, timadontho ndi zozungulira ndi za Akafula, zoyera zopaka ndi chala ndi za Achewa, za chinamwali ndi za Nyau, zina zojambulidwa pamwamba pa zofiira zija. Mwala umodzi, anthu awiri osiyana, wina pambuyo pa mnzake. Pansi pa mapanga omwewo ofukula amapeza timiyala toyera ta nsangalabwi tosema ting'onoting'ono ngati chikhadabo, tomwe ankamatira ku mivi ndi kumipeni, mikanda ya zigoba, ndi mafupa a nyama zomwe ankadya.

Kuti anapita kuti, apa mpomwe pamandiwawa. Mu 2017 asayansi anayeza DNA ya mafupa a ku Hora ku Mzimba, ku Fingira ku Nyika ndi ku Chencherere komweko, a zaka za pakati pa 8,100 ndi 2,500. Anapeza kuti anthuwa anali pachibale ndi Asan, anthu osaka ndi kutola a kum'mwera kwa Africa, mbali ina, mbali ina ndi a Hadza, ndipo atayerekeza ndi Amalawi a lero omwe anawayeza, magazi a Akafula sanaoneke, ngati alimo ndi ochepetsetsa. Anthu amene anakhala m'mapiri amenewa zaka masauzande ambirimbiri, kuposa momwe ife takhaliramo, anazimirira, nkhalango zawo zitasanduka minda. Chinenero chawo sitichidziwa, dzina lomwe ankadzitcha okha sitilidziwa, tangotsala ndi maina omwe ife tinawapatsa. Ndiye iwe mdzukulu tenga foni ujambule mawu a Agogo akufotokoza zonse zomwe anamva, lero lomwe, ndipo anzako omwe amalemba maina awo ndi makala pa zojambula za ku Chongoni uwaletse.

Malume, ndimagwira ntchito ya unamwino. Ndimamva kuti anthu akale ankafa ali ndi zaka 30. Odwala ndi okalamba ankawatani, ankangowasiya? Nanga maliro ankaika? Nesi wa ku Mzuzu

Achemwali, nambala ya 30 ija imasocheretsa. Imatsika choncho chifukwa ana ambiri ankamwalira ali aang'ono, mwa anthu osaka ndi kutola omwe anawerengedwa bwino m'zaka za m'ma 1900, ana oposa anayi mwa 10 aliwonse sankafika zaka 15. Inu mukudziwa kuposa ine zomwe kutsegula m'mimba, chibayo ndi uchembere wovuta zimachita popanda chipatala. Koma amene wapyola ubwana ankatha kufika zaka 60 ngakhale 70. Moyo unali wowawa, tisaukometsere, bala laling'ono limatha kupha, ndipo mafupa ena amaonetsa kuti anthu ankaphananso.

Koma kusiya odwala, mafupa akukana. Ku Dmanisi ku Georgia kuli chigaza cha zaka pafupifupi 1.8 miliyoni cha munthu yemwe mano onse anaguluka kutsala limodzi, ndipo mabowo a manowo anatsekeka ndi fupa, kusonyeza kuti anakhala zaka ali chibwano chokhachokha. Nthawi imeneyo kulibe mphika kulibe phala, ndiye ambiri amaona kuti panali wina amene ankamuphwanyira chakudya kapena kumusiyira zofewa. Ku Shanidar ku Iraq kuli mafupa a bambo wa mtundu wina wa anthu akale wotchedwa Neanderthal, dzanja lamanja lopuwala, nkhope yophwanyika mbali ya diso lamanzere, mwendo wotsimphina, makutu ogontha, koma mabala onsewo anapola ndipo anafika zaka za m'ma 40. Munthu wotero sakanatha kusaka, sakanamva fisi akubwera kumbuyo. Anamusunga anzake. Ntchito yanuyo achemwali ndi yakale kuposa ulimi, kuposa chitsulo, kuposa ndalama.

Za maliro simufunikanso kupita kutali, kwerani basi ya ku Mzimba. Patsinde pa phiri la Hora pali phanga lomwe anthu ankaikamo akufa awo kwa zaka masauzande, kuphatikizapo makanda awiri a zaka zoposa 14,000 omwe DNA yawo ili m'gulu la yakale kwambiri yomwe yawerengedwapo mu Africa muno. Makanda, achemwali, anawakumbira manda pamalo pomwe anthu ankakhala, sanakawataye kutchire. Ndipo mu 2026 ofukula pa Hora analengeza kuti anapezapo mulu waukulu wa phulusa momwe munali mafupa opserera a mayi wina wamkulu, wamfupi msinkhu, yemwe anatenthedwa pa nkhuni zaka pafupifupi 9,500 zapitazo, ndipo ndi mwambo wotentha maliro pa mulu wa nkhuni wakale kwambiri womwe ukudziwika mu Africa. Kuti thupi la munthu lipse chotero pamafunika nkhuni zambiri ndi anthu osonkhezera moto kwa maola, ndiye panali otola nkhuni, panali ozisenza kukwera nazo kuphanga, panali okhala pamoto kuusamala mpaka utatha. Ndipo phulusa likuonetsa kuti patapita zaka anthu ankabwererabe pamalo omwewo n'kudzayatsanso moto waukulu pamwamba pomwe panagona mayiyo.